Borehole yanga ku Chalala yayambanso kukoka mphepo, ndikumbitse ina yakuya?

Wa ku Chalala:

Muli bwanji nonse, ndithandizeni nzeru abale chifukwa mutu wandiima. Ndinakumbitsa borehole pa ploti yanga ku Chalala, mu Lusaka muno, mu 2016, mamita 60, nthawi imeneyo mbali yathu nyumba zinali zowerengeka chabe, kutsogolo kwa geti kunali tchire ana amakumbako mbewa. Madzi anali ambiri zedi, thanki ya malita 5,000 imadzaza ola lisanathe, dandaulo langa linali zoyera zija zimamata mu ketulo basi.

Chilala cha 2024 chija, kufika September pampu inayamba kutsokomola, iponye madzi mphindi zisanu kenako mphepo yokhayokha paipi kumangonjenjemera. Ndinati aa ndi chilala, dziko lonse likulira, komanso malaiti amabwera maola atatu pakati pa usiku ndiye tonse mu laini mwathu timayatsa mapampu nthawi imodzi. Mvula itagwa bwino madzi anabwerera ine nkuiwalako. Koma chaka chino October asanafike nkomwe yayambanso zomwe zija, chonsecho mvula inagwa yokwanira.

Tsopano a neba kuseri kwa mpanda anakumbitsa yawo chaka chatha, akuti inapitirira mamita 100, ili masitepe 15 kuchokera pa yanga, ndipo ma bauza amabwera mmawa ndi madzulo kudzatunga nkukagulitsa kwa omanga nyumba. Sitinayambanepo ayi, ndi munthu wabwino, pamaliro a apongozi anga madzi onse ophikira anachokera kwa iwo. Koma kodi si iwo akundimwera madzi pansi apa? Nanga lamulo limalola munthu kugulitsa madzi a borehole ya pakhomo? Anthu ena okumba abwera dzulo akuti tikumbe ina ya mamita 120 nkhani ithe, mtengo wake ndi fizi ya ana onse atatu chaka chathunthu. Ndichite bwanji?

Mkulu wa pa rig:

Achimwene musathamange kupereka ndalama. Ine ndagwira pa makina okumba zaka 11, ndikuuzeni zoona, wokumba akabwera kudzaona borehole yodwala mankhwala ake ndi amodzi, kukumba ina, chifukwa amalipidwa pa mita. Simungafunse wogulitsa mabokosi ngati wodwala achira.

Yambani mwazula pampu muone ili pa mamita angati. Ambiri amadabwa, dzenje la 60 koma pampu anaipachika pa 30 kapena 35 pofuna kusunga paipi ndi kebulo. Mukazula tengani chingwe mumange kabotolo kapena ka bolt kolemera kunsonga, mutsitse mmawa kwambiri anthu asanayatse mapampu, mukamva kuti thuu pamadzi ikani chizindikiro muyeze ndi tepi. Kenako tsitsani mpaka pansi penipeni muone ngati dzenje likadali 60, chifukwa ngati casing, paipi yotchinga khoma la dzenje, anaika ya pamwamba pokha, dothi ndi timiyala zimagumukira mkati chaka ndi chaka dzenje nkumafupika. Zimenezi mungachite ndi anyamata awiri ndi plumber, tsiku limodzi.

Za a neba anuwo, zingatheke ndithu komanso zingakhale kuti ayi. Anthu amaganiza kuti pansi pa Lusaka pali nyanja, aliyense akaboola afika pa nyanjayo. Sizili choncho. Mbali yaikulu ya town, makamaka kummwera ndi kumadzulo, yakhala pa mwala wa dolomite, mtundu wa laimu womwe uja amayi amaswa mmbali mwa msewu, ndi womwewo ukukupatsani zoyera mu ketulo. Mwala umenewu madzi a mvula amaudya pang'onopang'ono kwa zaka zosawerengeka, ndiye mkati mwake muli ming'alu ndi mphako, madzi amakhala mmenemo ndipo amayenda mmenemo. Tsiku lina ku Makeni tikukumba pa mamita 40 ndi kanthu, fumbi loyera lokhalokha tonse tili mbuu ngati tagona mchigayo, mwadzidzidzi chitsulo chinangotsika chokha pafupifupi mita yathunthu osagunda kanthu, kompresa nkusintha kulira, madzi anatumphuka kupitirira denga la lole. Tinagwa mu mphako. Sabata yotsatira ploti yoyandikana nayo tinafika 90 tikungotulutsa fumbi, mwini wake mpaka anafuna kutimenya ati tamulodza. Kumpoto kwa town kuli mwala wina wa schist, kumeneko madzi amakhala ochepa ndithu ngakhale ukumbe bwanji.

Ndiye ngati inu ndi a neba mwalasa mng'alu umodzi, iwo akamapopa tsiku lonse madzi anu atsika, palibe matsenga. Njira yodziwira ndi yophweka, apempheni asayatse tsiku limodzi, muyeze, mawa lake ayatse muyezenso.

China, kuya si madzi. Ming'alu yotseguka bwino imakhala chakumtunda, ukamapita pansi kwambiri mwala umakhala wogwirana. Nthawi zambiri mamita owonjezerawo amangokhala ngati dilamu yosungira madzi amene akulowera pamwamba pomwe paja. Zimathandizako pang'ono, koma si zimene akukulonjezani.

Amake mapasa ku Kanyama:

Ine ndikuwerenga apa ndikungoseka mwachisoni. Inu mukulira madzi athawira pansi, ife kuno madzi amatitsatira mpaka ku bedroom. Walira mvula walira matope zoona. Kuno ukakumba ngakhale mpaka mchiuno nthawi ya mvula wapeza madzi, mwala uli pamwamba penipeni ndi chifukwa chake zimbudzi zambiri timamanga zokwera, za masitepe, dzenje silingapite pansi. Manje January akafika madzi apansi akwera, chimbudzi chimadzala kuchokera pansi osati pamwamba, nkusefukira pabwalo, ana apita kusukulu akuponda momwemo atanyamula nsapato mmanja. Ndipo chitsime chili apa chimbudzi chili apo, mwala womwe akunena akulu a rig uja wa mphako, zonse zimakumana pansi.

Kolera ya 2017 kulowa 2018 inatipweteka kuno, boma linakwirira zitsime zosaya nkuika mathanki mmisewu, asilikali ali ponseponse. Koma mathanki atasiya kubwera anthu ena anafukulanso zitsime zomwe zija usiku, osati chifukwa ndi opusa, koma pa kiyosiki umalipira chigubu chilichonse ndipo nyumba ya anthu 9 kuchapa, kusamba, kuphika, ungagule zigubu zingati pa tsiku? Ndiye anthu amati akumwa tigula, ochapira mbale ndi osamba titunga pachitsime. Mbale yomweyo nkudyeramo. Ya 2023 kulowa 2024 ndiye inaposa, odwala anadzaza Heroes Stadium, masukulu anatsegulira February. Mwana wa mchemwali wanga tinamunyamula pa wilibala 2 koloko usiku maso atalowa mkati, khungu ukalitsina limangoima osabwerera, tikumumwetsa ORS ndi supuni njira yonse. Anachira, Mulungu ndi wamkulu, koma kuyambira pamenepo Klorini sasowa mnyumba mwanga ngakhale ndisowe mchere.

Chimene ndikufuna kukufunsani bambo a ku Chalala, soakaway yanu, dzenje lija lolandira madzi otuluka mu septic, ili kutali bwanji ndi borehole? Nanga ya a neba kumbuyo, nanga ya a neba mbali inayo? Chifukwa kwanuko kulibe sewer, nyumba iliyonse septic ndi soakaway, nyumba iliyonse borehole. Ndi zathu zomwezi, kusiyana kwake inu mumagujumula ndipo muli ndi matailosi. Madzi anuwo munawapimitsapo chikumbireni?

Wa ku Chalala:

Mayi mwandilasa pamtima. Anapima tsiku lokumba lomwelo mu 2016 ati ali bwino, kuchokera apo ayi. Ndatuluka panja pompano kukawerenga, soakaway yanga ili masitepe 18, koma ya nyumba ya kumbuyo ili 11 chabe ndipo pali ma flat anayi.

Mlongo wanu wa za madzi:

Ndiyankheko za lamulo poti ndi mbali imene ndimagwirako ntchito. Lamulo lake ndi Water Resources Management Act nambala 21 ya 2011, ndi limene linakhazikitsa WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi. Mfundo imene anthu ambiri safuna kumva ndi yakuti madzi si a mwini ploti. Title deed imakupatsani malo, koma madzi onse, a mumtsinje ndi apansi omwe, lamulo linawaika mmanja mwa Pulezidenti mmalo mwa anthu onse. Pampu ndi yanu, paipi ndi yanu, madzi mumangololedwa kugwiritsa ntchito.

Kwa zaka zambiri za ma borehole kunalibe woyang'anira kwenikweni, aliyense ndi ndalama zake amangoitana lole. Mu 2018 ndi pamene anatulutsa malamulo ang'onoang'ono, SI 19 ya ma laisensi a okumba ndi SI 20 ya madzi apansi ndi ma borehole. Kuyambira pamenepo wokumba ayenera kukhala ndi laisensi, musanakumbe muyenera kudziwitsa WARMA, ndipo borehole iliyonse ngakhale yakale ngati yanuyo iyenera kulembetsedwa, nthawi imeneyo inali K250 kamodzi kokha. Ya pakhomo yosapitirira malita 10,000 pa tsiku simulipira madziwo. Koma ukayamba kudzaza ma bauza nkumagulitsa imeneyo si ya pakhomo ayi, ndi bizinesi, imafuna permit yonena kuchuluka kwa madzi amene ungatunge. Ndiye a neba anu ngati alibe pepala limenelo ali kunja kwa lamulo, ndipo muli ndi ufulu wokadandaula. Kaya mukufuna kuyambira kumeneko ndi munthu amene anakuthandizani pamaliro, izo mudziwa ndinu achimwene, ine ndikanayamba ndi kukhala nawo pansi.

Malamulo omwewo amati borehole italikirane ndi chimbudzi kapena soakaway mamita 30. Apa ndi pamene ine ndimaseka ndekha mu ofesi, chifukwa maploti ambiri amene anthu akugula ndi 20 by 30. Muyeze bwanji mamita 30 mmenemo, nyumba ikhale pati? Ngakhale inu mukwanitse, a neba anayi okuzungulirani aika zawo pomwe afuna. Vuto linayambira pogawa malo popanda kuyamba kuika mapaipi a madzi ndi sewer, anthu amanga kaye ntchito za boma zizibwera pambuyo, mwinanso osabwera. Ndipo mu mwala wa mphako mamita 30 amenewo si chitetezo chenicheni, mu mchenga madzi amasefedwa akamayenda koma mu mng'alu amangothamanga ngati mu paipi.

Kulembetsa kuja cholinga chake chenicheni ndi kuwerenga. Ganizani mphika umodzi wa thobwa, aliyense walowetsa kabango kake akuyamwa, koma palibe akudziwa kuti mabango alimo angati ndipo aliyense akukoka zingati. Amene akuthiramo ndi mvula yokha, Lusaka imalandira pafupifupi mamilimita 800 pa chaka, pafupifupi yonse pakati pa November ndi March, ndipo gawo lochepa chabe ndi limene limalowa pansi, yambiri imauma ndi dzuwa, kumwedwa ndi zomera kapena kuthamangira mu ngalande kupita ku Ngwerere ndi Chunga. Tsono tchire lija munkaona kutsogolo kwa geti mu 2016 ndi limene limamwetsa borehole yanu. Lero pali malata, ma pavers ndi konkire mpaka kumpanda. Oyamwa achuluka, pothirira pachepa. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 2 miliyoni mu district ya Lusaka yokha.

Musaganizenso kuti a pa mpopi nkhaniyi siikuwakhudza. Kampani ya Lusaka Water madzi ena imakoka ku mtsinje wa Kafue, kuyeretsa pa Iolanda nkuwakankha ndi mapampu kukwera mtunda mpaka mu town, koma gawo lalikulu ndi la ma borehole omwewa, monga Shaft 5 ku Lilayi ndi aja a ku Mass Media, ndipo nyumba zayandikira zitsime zimenezo mbali zonse. Mphika ndi womwewo.

Za kupima, tengani botolo ku lab, ku yunivesite ya UNZA amapima, ku ZABS, bungwe la boma la miyezo ya zinthu, amapimanso, afunseni akupatseni botolo lawo loyera osati la Fanta lotsuka. Muwauze ayang'ane tizilombo ta mchimbudzi, E. coli, komanso nitrate. Nitrate imeneyi anthu saidziwa chifukwa madzi amaoneka oyera bwinobwino, alibe fungo, koma imachokera ku zimbudzi ndi ma soakaway, malire a WHO ndi mamiligalamu 50 pa lita. Klorini imapha tizilombo koma nitrate siichotsa, kuwiritsa ndiye kumangoiwonjezera mphamvu poti madzi akuchepa iyo ikutsala. Yoopsa kwambiri kwa makanda osakwana miyezi 6 amene akumwa mkaka wosungunula, imalepheretsa magazi kunyamula mpweya mwana nkumada milomo. Pimani kawiri, October ndi February, zotsatira zimasiyana.

Mlimi wa ku Chalimbana:

Asisi mwalongosola bwino koma ine ndikutsutsaniko pang'ono. Inu mukuti tilembetse kuti atiwerenge. Chabwino. Akatiwerenga ndiye atani? Anthu kuno amakana chifukwa amadziwa kuti lero K250, mawa abwera ndi mita, mkuja bilu, pa chitsime chimene unakumba ndi ndalama zako boma litalephera kukubweretsera madzi. Ndipo wamng'ono ndi amene amagwidwa. Wa nyumba imodzi alembetse, koma nanga mafakitale a zakumwa, ma lodge othirira kapinga mu October, mafamu othirira ndi makina akuluakulu ozungulira a center pivot, ma bauza ngati a neba awowa, ndani amaima pa pampu yawo usiku kuona ngati akutsata permit?

Ine ndinabadwira ku Katete koma ndakhala kuno kwa Asoli zaka zoposa 30, ndimalima tomato ndi repu mmbali mwa Chalimbana. Mtsinje umenewu umachokera ku Forest 27, nkhalango ija ili kummawa kwa town. Inachotsedwapo chitetezo kale, mtsinje nkuyamba kuuma, anthu a kuno anadandaula mpaka mu 1996 nthawi ya a Chiluba anaibwezera. Ndiye kuyambira 2017 anayambanso kuidula zigawo nkugawa maploti, ndipo amene anapata kumeneko si ogulitsa tomato ngati ine ayi. Apo ndi pamene mvula imalowera pansi, aliyense wophunzira amadziwa, mapepala analembedwa, nkhani inafika mpaka ku khoti. Ndiye munthu amene analola nyumba ndi ma septic pamutu pa mtsinje abwere kwa ine ati lembetsa chitsime tisamale madzi? Pitani ku Chongwe mwezi uno mukaone mmene damu limakhalira, anthu a pa boma kudikira ma bauza mtsinje uli mchenga. Akulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, ife tayamba kale kuona pansi pake.

Sindikuti lamulo ndi loipa. Ndikuti liyambire kumtunda.

Mlongo wanu wa za madzi:

Amalume pa Forest 27 sindikutsutsani ngakhale pang'ono, ndipo zoti oyendera ndi ochepa poyerekeza ndi ma borehole a mu Lusaka ndi zoona. Koma taonani mbali inayi, tsiku limene mudzapite kukadandaula kuti famu yakumtunda yakuumitsirani chitsime, funso loyamba adzati chitsime chanu chili mu buku? Chinali ndi madzi ofika pati chaka chatha? Ngati mulibe nambala iliyonse wa center pivot uja adzabwera ndi loya ndi file yake, inu mudzabwera ndi pakamwa. Kusalembetsa kumathandiza wamkulu yemweyo kuposa inu.

Mlimi wa ku Chalimbana:

Hehe mwana uyu. Chabwino ndamva, koma mita pachitsime changa adzaika ndili mmanda.

Mnyamata wa ku Garden House:

Ine funso chabe, landilodi wathu madzi a borehole amatilipiritsa pa renti koma thanki yake sinatsukidwepo, mkati muli ndere zobiriwira mpaka buluzi tinamupezamo. Izinso ndi za WARMA kapena?

Amake mapasa ku Kanyama:

Iwe izo ndi za tsache ndi Jik, kwera utsuke ndi anzako Loweruka mumudule pa renti.

Wa ku Chalala:

Ndabweranso abale, pepani ndinasowa sabata yathunthu. Ndinachita monga ananenera akulu a rig. Tinazula pampu Loweruka, ndipo munalosera, inali pa mamita 36 chabe. Dzenje limene ndinalipira 60 chingwe chinaima pa 52, kaya linagumuka kaya sanafike nkomwe, amene anakumbawo nambala yawo siikugwiranso. Madzi 5 koloko mmawa anali pa mamita 29. Pepala la 2016 ndinalipeza mu sutikesi ya ma certificate, analemba kuti madzi anaima pa 14. Ndinakhala kaye pansi pa njerwa.

Kwa a neba ndinapita Lamlungu titachoka ku tchalitchi, ndinanyamula ka nkhuku kuti nkhani isaoneke ngati mlandu. Poyamba nkhope inasintha, ati ndiye mukuti ndine wakuba madzi? Ndinati ayi akulu tiyeni tingoyeza tonse muone ndi maso anu. Lolemba sanayatse, madzulo madzi anga anali pa 30. Lachiwiri anadzaza ma bauza atatu, 4 koloko tinatsitsa chingwe iwo atagwira tepi okha, 35 ndi theka. Sanayankhule kanthu kwa kanthawi, kenako anati nawonso yawo yayamba kuchedwa kudzaza bauza poyerekeza ndi chaka chatha, amaganiza kuti pampu yatopa. Za permit sindinatchule, anatchula okha, ati anthu okumba anawauza kuti zonse akonza iwo ndipo pepala lililonse sanalionepo.

Pakali pano tatsitsa pampu yanga kufika 46 ndipo plumber waika ka switch kozimitsa madzi akatha kuti mota isapse. Iwo avomera ma bauza awiri pa tsiku mmalo mwa anayi kapena asanu, ndipo azipopa masana ine ndizidzaza thanki mbandakucha, mpaka mvula igwe tione. Za 120 zija ndaziimitsa kaye. Ndinalemba pa gulu la WhatsApp la mu laini mwathu kuti tiziyeza Loweruka loyamba la mwezi uliwonse nkumalemba mu kope limodzi, nyumba 6 zavomera, awiri sanayankhe, mmodzi anati mukufuna mutibweretsere a boma nkutuluka pa gulu. Mwini ma flat a kumbuyo amakhala ku Kitwe, wa renti anandipatsa nambala koma sakuyankha.

Botolo ndinakasiya ku lab dzulo, akuti ndikatenge zotsatira Lachisanu. Amake ana atawerenga zimene analemba asisi za nitrate sanadikire nkomwe Lachisanulo, mdzukulu wathu wa miyezi 4 ali pompano ndipo mkaka wake ayamba kale kusungunula ndi madzi ogula. Asisi a za madzi, pepala likatuluka ndijambula ndiike pano mundiwerengere, manambala a ku lab ine amandizunguza.